Denga Lomaliza la Gologolo

Dzulo m'mawa ndinadutsa pasitolo ina muno mu Bulawayo, manja ali m'matumba chifukwa cha chisanu cha Juni. Pawindo anayalapo mbewu ya chimanga ya m'mapaketi, yopakidwa mankhwala ofiirira, yowala ngati masiwiti. Ndinaima pamenepo kanthawi. Mbewu imene ine ndinakula ndikuiona inali yakuda. Kwathu ku Dedza, tikatha kukolola, amayi ankasankha zimanga zazikuluzikulu, osazisenda makoko, n'kuzimanga mitolo ndi luzi, n'kuzipachika kudenga pamwamba pa moto. Zinkakhala pamenepo nyengo yonse yozizira zikumwa utsi mpaka kuda bii, ndipo anankafumbwe sankayandikirako. Mwana ngakhale alire njala chotani, mitolo imeneyo sinali yokhudza.

Mkazi wanga, malemu Nakwenda, anali ndi nthano ya mbewu yotereyi. Ankainena tikuswa mtedza padzuwa, zaka zija ndisanachoke kumudzi. Ndiinena monga ndikuikumbukira, inu muvomere mumtima kuti tili tonse.

Panangokhala Gologolo, kale nyama zikulima minda yawoyawo. Gologoloyu anakakwatira kumudzi wa mbewa, nakhala komweko chikamwini. Mkazi wake anali Kapuku, mayi wamng'ono thupi, wosachuluka mawu, ndipo anali ndi ana aakazi awiri. Apongozi ake anali mayi Phanya. Mlamu wake anali Bwampini, khoswe wamkulu wa masaya ngati matumba. Ameneyu ndiye anali mwinimbumba, woyang'anira mlongo wake ndi ana ake, ndipo mawu ake ndiwo ankatseka nkhani iliyonse pakhomopo.

Chaka china mvula inadula msanga, nkhokwe inangofika theka. Kapuku anayamba kutsokomola akukolola, koma mbewu anasankha yekha. Posankha ankaimba nyimbo yake. Inali nyimbo yoyenda pang'onopang'ono, ngati yogonetsa mwana. Ankauza chimanga chilichonse kuti chigone mu utsi mpaka bingu lidzachiitane, ndipo ana ankavomera ndi mawu aafupi, olonjeza kuti sadzachidzutsa. Anamanga mitolo itatu, nakwera mzati wa m'nyumba ya amayi ake, naipachika pansonga penipeni. Chisanu chitakhwima, Kapuku anagona osadzukanso.

Pa mwambo wa mudziwo, mkazi akamwalira mwamuna ankasudzulidwa. Ankamphikira mowa, n'kumuuza kuti wamasuka, abwerere kwawo. Ana ankatsala, poti ana ndi a kuchikazi.

M'mawa wina akuothera dzuwa kuseri kwa nkhokwe, Bwampini anayamba nkhani.

“Alamu, mwezi ukaoneka tikusudzulani. Mwatilimira zaka zisanu ndi zitatu, mupite ndi ulemu. Ndiphikitsa mowa woti mbiri yake ikafike kutsidya.”

“Zikomo, alamu,” anatero Gologolo. “Koma m'nkhokwemu mwasuzumiramo?”

“M'nkhokwe simukhudzidwa. Chimera chichokera kudenga kwa amayi.”

“Mitolo ija ndi mbewu.”

“Ndikudziwa kuti ndi mbewu, ndinabadwira pano. Mvula ili kutali. Ikadzayandikira tidzapempha kwa anansi.”

“Chaka chino aliyense adzakhala akupempha.”

Bwampini anafufumitsa masaya. “Alamu, tambala wobwereka salira kuposa mwini khola. Inu mudzakhala kwanu. Njala ya pano idzakulumani pati?”

Kutsutsana ndi mwinimbumba Gologolo sakanatha. Kulowa m'nyumba ya apongozi n'kukatsitsa mitoloyo sakanathanso, chifukwa mkamwini saponda m'nyumba ya apongozi. Zaka zonsezo iye ndi mayi Phanya anali asanayang'anizanepo nkhope. Akakumana m'njira, Gologolo ankapatukira patchire. Mayiwo akafuna kumuuza kanthu, ankatembenukira kukhoma n'kuyankhula ndi khomalo. Gologolo anayang'ana ana ake awiri akuothera moto wa mapesi, anayang'ana chitseko chimene sakanalowa, kenako anakweza maso nayang'ana denga.

“Mwanena zoona, alamu,” anatero. “Mowa uphikidwe. Koma chimera mukayanika kuti? Chiperoni chikuwaza tsiku ndi tsiku, ndipo denga la apongozi likudontha ngati dengu. Chimera chikachita nkhungu, mowa udzawawa, ndipo kutsidya kuja adzamva mbiri ina.”

Bwampini anasiya kutafuna. “Ndiye mukuti bwanji?”

“Mundipatse masiku atatu ndifolere. Ndi ntchito ya mkamwini, ikhale yanga yomaliza. Masana ndizikawojeka kumunda, ndikwirire mapesi m'mizere, kuti ndisiye zonse zili m'malo. Denga likatha, tsitsani mitolo yanu.”

“Masiku atatu,” anatero Bwampini. “Koma ndizikuonani. Gologolo akayamba ulemu wambiri, ndiye kuti pali chimene waona.”

Tsiku loyamba Gologolo anakwera ndi udzu ndi luzi. Anafumula udzu wakale pansonga, mtolo woyamba uli pomwepo pansi pa phaso, wakuda ndi mwaye. Anamasula makoko a chimanga chimodzi, natong'ola njere zonse, nakulunga chitsononkho ndi udzu kuti chioneke chonenepa, namanganso makoko ndi mfundo yomwe ija ankamanga Kapuku. Koma chimanga chouma chimalira pochitong'ola. Tsono Gologolo anayamba nyimbo ya mkazi wake, mokweza, mawu ali osasa ndi chisanu. Ana ataimva anasiya moto navomera ali pansi. Mayi Phanya anali pakhonde akuswa mtedza, atafulatira. Manja awo anaima pang'ono, kenako anapitiriza.

Njerezo Gologolo ankazilonga m'kamwa, n'kutsika ngati akukatenga luzi lina, n'kuthamangira kumunda. Kumeneko ankazigubuduza m'phulusa kuti chiswe chisazifune, n'kuzikwirira pamwamba pa mizere, zitatuzitatu, phando ndi phando. Pa ulendo womaliza Bwampini anamutsekera njira.

“Alamu, masaya atupa bwanji? Masaya otupa ndi a kubanja kwathu, inu mwawatenga kuti?”

Gologolo anagwira tsaya nabuula. “Dzino,” anatero movutikira. “Mphepo ya padenga yalowa m'dzino.”

“Yasamulani ndione.”

Gologolo anapukusa mutu, naloza pakhonde pamene panali apongozi. Bwampini anayang'ana amayi ake, nachita manyazi. Mkamwini angayasamule bwanji kukamwa pamaso pa apongozi? Anamusiya apite. Koma analowa m'nyumbamo nayang'ana kumwamba. Mitolo inali itatu, yakuda, yonenepa.

Tsiku lachiwiri kunacha ndi nkhungu yokhayokha. Bwampini anaimika makwerero kuseri kwa nyumba, kumene amayi ake sakanaona.

“Lero muzitsikira kuno,” anatero. “Ndipo mukatsika muziyamba mwandipatsa moni, kukamwa kuli yasa.”

“Moni sadandaulitsa, alamu.”

Gologolo anakwera, nafumula mbali ina, napeza mtolo wachiwiri. Anayambanso nyimbo ija, youza chimanga kuti chigone, ana navomera kuti sadzachidzutsa. Tsiku limeneli njere sanaziike m'kamwa. Anazilowetsa mu ubweya wa mchira wake, imodziimodzi, mpaka mchira unafufuma. Anatsika, napereka moni, nayasamula mpaka kukhosi. Bwampini anasuzumira, sanaone kanthu. Anatsika kachiwiri, kachitatu, chimodzimodzi. Kachinayi Bwampini anazungulira kumbuyo.

“Nanga mchirawu? Dzulo unali ngati chingwe, lero uli ngati tsache.”

“Ubweya waima ndi chisanu. Bulangete langa ndinafunditsa ana, ine ndikufunda mchira.”

“Ugwedezeni.”

“Ndigwedeza, alamu, koma imani patali. Chiyambire maliro sindinasambe, ndipo utitiri wa m'maliro ukalowa mwa munthu wonenepa sutuluka.”

Bwampini anabwerera m'mbuyo mapazi atatu akudzikanda. Pamene amati ayankhe, Gologolo anali atafika kale m'mapesi. Bwampini analowanso m'nyumba nayang'ana kumwamba. Mitolo inali itatu, yakuda, yonenepa. Komabe mtima wake sunakhale pansi, poti wakuba amadziwa mayendedwe a mnzake.

Tsiku lachitatu anabwera ndi mpando, nakhala patsinde pa makwerero.

“Lero simutsika mpaka denga lithe. Luzi ndi ili, udzu ndi uwu. Mukadzatsika ndidzaona m'kamwa, ndidzaona mumchira, utitiri kaya ukhalemo.”

“Chabwino,” anatero Gologolo. “Udzu wakale ndiziuponya pansi m'mitolo. Koma musaukhudze, alamu. Ndidzaututa ndekha ndikatsika, ndikaukwirire kumunda ukhale manyowa. Si ntchito ya mwinimbumba.”

“Mudzaututa nokha? Kuti mupeze njira yopitira kumunda mutasenza kanthu?” Bwampini anaseka. “Ndakuonani. Udzuwo ndinyamula ndine.”

Gologolo anapumira m'mwamba ngati wagonja. Anaponya mtolo woyamba wa udzu wakale. Bwampini anaumasula, naupukusa, napisamo mphuno. Munalibe kanthu koma mwaye wa zaka zambiri, umene unamulowa m'maso ndi m'mphuno mpaka anayetsemula kasanu. Yotsatirayo sanaimasulenso. Ankangoisenza n'kukaitula kumunda. M'kati mwa mtolo uliwonse wotsatirawo munali kamtolo ka makoko kodzaza njere.

Padenga nyimbo inali m'kati. Tsiku limeneli Gologolo anaimba motsitsa, chifukwa mtolo wachitatu ndi umene Kapuku anamanga atafooka, ndipo mfundo zake zinali zolobodoka. Imodzi inamasuka msanga, makoko anatseguka. Njere imodzi inapulumuka, inagubuduka paudzu watsopano, inakagwera pakhonde m'lichero la mayi Phanya, pakati pa mtedza. Nyimbo inaima.

Mayiwo anaiyang'ana njereyo. Kenako anatembenukira kukhoma.

“Khoma iwe,” anatero, “amene akuimba padengayo asalekeze nyimbo pakati. Mwini wake sankailekeza.”

Gologolo anaipitiriza, ana navomera.

Dzuwa litapendeka anatsika. Bwampini anamuyang'ana m'kamwa, anamupesa mchira ndi chisa, anamuyang'ana ngakhale m'makutu. Sanapeze kanthu. Gologolo anatenga khasu, napita kukakwirira udzu umene mlamu wake anamututira, ndipo timitolo ta makoko tija tinathera m'mapando otsala.

M'mawa mwake Bwampini anakonzetsa mitsuko yonyikamo chimera. Analowa m'nyumba ndi nsungwi yaitali, nagwetsa mtolo woyamba. Unagwa mopepuka ngati chisa cha mbalame. Anasenda chimanga chimodzi, napeza udzu ndi chitsononkho. Anasenda china, chimodzimodzi. Anagwetsa wachiwiri, wachitatu. Anatuluka ndi makoko m'manja naitana mudzi wonse.

“Onani mkamwini amene timati timusudzule ndi ulemu. Waba mbewu ya ana ake omwe.”

Onse anayang'ana Gologolo. Iye anakhala pansi, manja pamaondo.

“Alamu,” anatero, “pachitseko cha apongozi ndinalowapo liti?”

“Munalowera kudenga.”

“Kudenga ndinaliko, mudzi wonse unandimva. Koma m'kamwa mwanga munasuzumiramo ndani?”

“Ine.”

“Mchira anapesa ndani?”

“Ine, tsiku lomaliza.”

“Nanga tsiku lomalizalo, zonse zotsika padenga ananyamula ndani?”

Ena anayamba kuseka chamumtima. Bwampini anatembenukira kwa amayi ake.

“Amayi, inu munali pakhonde masiku onse atatu. Munaona chiyani?”

“Ndinali nditafulatira, monga mwa mwambo.”

“Nanga munamva chiyani?”

“Ndinamva nyimbo ya mwana wanga,” anatero mayi Phanya.

Mlandu unathera pomwepo, poti panalibe mboni. Koma dzina linatsala. Bwampini anafufuza m'mphako za mitengo yonse, anamasula mphasa ya Gologolo, anakafukula pamene anatula udzu uja napeza mwaye wokhawokha. Pamwamba pa mizere sanayang'anepo. Ndani amabzala m'chisanu, dothi lili gwa? Mudzi unagwirizana kuti Gologolo anadya mbewuyo ali padenga, akuimba nyimbo ya mkazi wake. Amayi a m'mudzimo akamuona kuchitsime ankalavula. Ana ake omwe anasiya kumuyang'ana kumaso.

Mwezi unaoneka. Mowa panalibe, anangophika thobwa lamadzimadzi, ndipo obwera anali owerengeka. Bwampini ananena mawu omasula ali chiimire. Gologolo anapinda mphasa yake, natenga khasu, naitana ana ake.

“Mvula ikadzagwa musadzapite kopempha,” anatero. “Mudzanole makasu opalira.”

“Tidzapalira chiyani, ababa?” anafunsa wamkulu. “Fumbi?”

“Mudzanole basi.”

Atafika kumapeto kwa mudzi, anaona mayi Phanya ataima pakati pa njira. Miyendo yake inapatuka yokha kulowa patchire, monga inazolowera.

“Bwererani m'njira, bambo,” anatero mayiwo. “Lero sindinu mkamwini wanga.”

Gologolo anabwerera. Anayang'anizana koyamba chikwatire. Mayiwo anali ndi maso a Kapuku.

“Kani nkhope yanu ndi yotere,” anatero mayi Phanya. “Ndinkangodziwa mchira ukulowa patchire.” Anatambasula dzanja. Munali njere imodzi ya chimanga. “Iyi inagwera m'lichero langa.”

“Ndiye kuti munadziwa.”

“Ndinayamba kutong'ola chimanga mlamu wanuyo asanabadwe. Phokoso limenelo nyimbo singandibisire. Ndinadziwa tsiku loyamba.”

“Pabwalo paja simunanene.”

“Ndikananena, akanafukula munda wonse, mzere ndi mzere, n'kuphika mowa wake. Mwasenza dzina loipa, bambo. Lisenzeni mpaka mvula. Njereyi tengani, mukabzale kwanu. Inasankhidwa ndi dzanja la Kapuku.”

Gologolo anailandira ndi manja awiri. Kenako anagwada m'mbali mwa njirayo, nakumba ndi zala, naikwirira.

“Kwathu kulibe amene angaidziwe,” anatero. “Imere pano. Ana akadzaona phesi limodzi panjira, adzadziwa kumene ndinalowera.”

Anawomba m'manja katatu, mayiwo anawombanso, ndipo Gologolo anapita.

Chisanu chinatha. Kunabwera mphepo ya fumbi, kenako dzuwa loswa mtengo. Bwampini anayenda khomo ndi khomo kupempha mbewu, ndipo kulikonse ankamuonetsa denga lopanda kanthu. Bingu linagunda, mvula inagwa masiku awiri, anthu ena anabzala, a kwa Bwampini anakhala pakhonde. Tsiku lachisanu mwana wamkulu wa Gologolo anapita kumunda kukathyola ndiwo zomera zokha. Anabwerako akuthamanga, dengu atalitaya. Munda wonse unali utamera, zitatuzitatu, mzere ndi mzere, kuyambira kuchulu mpaka kumalire.

Bwampini anauza anansi kuti nzeruzo zinali zake, kuti iye ndiye ananyamula mbewu kupita nayo kumunda. Palibe anamutsutsa, poti theka la mawuwo linali loona.

Ana aja anatenga makasu amene ananola mosafuna, nayamba kupalira. Wamng'ono anayamba nyimbo ya amayi ake, koma anaisintha pang'ono, nauza chimanga kuti bingu laitana, chidzuke. Panalibe wina woyambitsa, choncho wina ankaimba, wina n'kuvomera, kenako n'kusinthana. Pobwerera agogo awo anawadutsitsa njira ya kumapeto kwa mudzi. M'mbali mwa njira munali phesi limodzi lokha, masamba awiri. Analipalira nalonso.

Gologolo sanabwererenso kumudziko, poti wosudzulidwa sabwerera kukadya za m'munda umene anausiya. Koma kuyambira pamenepo, nyengo yozizira ikafika, amatola njere n'kumazikwirira apa ndi apo, n'kuchoka. Anthu amamuseka kuti ndi woiwalaiwala, sakumbukira pamene anabisa. Nakwenda ankati akukumbukira bwinobwino, kungoti si zake.

Nthano imathera pamenepa, ndipo amene anafutsika mbatata m'phulusa akaione isanapserere.

Ine ndainena yopunduka. Mawu a nyimboyo sindikuwadziwa. Ankaimba ndi Nakwenda, ine ndinkangovomera m'mphuno ndikuswa mtedza, poganiza kuti ndidzaimva chaka ndi chaka. Ndinabwera kuno ndikuti ndikhala zaka ziwiri, ndipo uthenga wa maliro ake unandipeza atamuika kale. Mayimbidwe ake amandibwerera ndikamayenda m'chisanu, koma mawu ayi. Ana athu aakazi ali kumudzi, ndiponso alipo amayi ena amene ankasankha naye mbewu. Ngati pali wina wa kumeneko amene awerenge izi, ndikupempha apite ndi kope ndi pensulo, akakhale nawo pansi nyengo ino ntchito zisanachuluke, alembe nthanoyi yonse pamodzi ndi nyimbo yake. Aipachike penapake pamene ana adzaipeze.